"Abusa, tilumikizeni ndi azungu anu"

 Lero ndalemba zambiri. Amene bandulo yanu yatsala pang'ono sungani kaye post iyi, muwerenge usiku ana akagona.

Chiikireni zithunzi za alendo athu a ku Scotland sabata yatha, inbox yanga siikupuma. Mauthenga ake ndi amodzimodzi. "Abusa, tilumikizeni ndi azungu anu." "Munthu wa Mulungu, ndikusunga ana amasiye, ndipatseniko nambala ya mayi wa imvi uja." Wina wanditumizira bajeti yonse ya tchalitchi, mpaka mtengo wa misomali. Mbusa mnzanga wina wandiuza poyera kuti ndine womana, ndakhalira chitsime ndekha anzanga akufa ndi ludzu. Sindinakwiye ayi. Umphawi ndikuudziwa, sindinachite kuuwerenga m'buku. Koma ndiyankhe nonse pamodzi: nambala ya munthu sindipereka. Anthu aja si azungu anga. Ndi abale a mudzi wathu, ndipo mmene anakhalira abale ndiwo umboni umene ndikufuna muumve lero.

Choyamba dziwani kuti ubalewu si wa mpingo wathu. Unayambira pasukulu ya pulaimale ya kwathu kuno ku Phalombe, kunsi kwa phiri la Michesi. Aphunzitsi aakulu a nthawi imeneyo anayamba kulemberana makalata ndi sukulu ya m'kamudzi kena ka asodzi kumadzulo kwa Scotland. Zaka zimenezo maubale otere ankaphuka paliponse, makamaka kuyambira 2005 pamene malemu Bingu wa Mutharika ndi a Jack McConnell, amene ankatsogolera boma la Scotland, anasainirana pangano la mgwirizano. Sukulu ndi sukulu, chipatala ndi chipatala, mpingo ndi mpingo. Ine ndinalowamo chifukwa cha Chingerezi changa cha Fomu 4. Amfumu anangoti, "Abusa, inu mukhale pakamwa pathu." Mukomiti muli a CCAP, a Katolika, Asilamu, ndi ife a Pentekoste. Nthawi yopemphera timasinthana.

Maulendo oyamba ankayenda chonchi. Alendo ankagona ku loji ku Mulanje boma. Cha m'ma 9 koloko minibasi ija yatulukira, fumbi kobo, ana akuithamangira. Akatsika, amayi avine, ana ayimbe, amfumu alankhule, ine ndimasulire. Kenako avale magolovesi n'kuyamba kupenta makalasi. Ikakwana 12 abwerere mu minibasi momwemo, atseke chitseko, atulutse mabotolo awo a madzi ndi buledi wawo wokutira m'mapepala, adye. Ana athu ali pawindo kuyang'ana. Dzuwa likapendeka, zithunzi, kubayibitsana, apite. Masabata awiri akatha, ulendo wa ku Chileka. Anali anthu abwino, musandimve molakwika. Ambiri si olemera kwao. Aphunzitsi, namwino wopuma ntchito, kalipentala wopuma ntchito, achinyamata amene anasonkha ndalama ya tikiti pogulitsa makeke ndi kutsuka magalimoto chaka chathunthu. Makalasi anawaladi. Koma akapita, palibe mmodzi m'mudzi amene ankatha kutchula dzina la mlendo ngakhale mmodzi. Onse anali "azungu aja". Ndipo ndikukhulupirira kuti ifenso kwa iwo tinali "anthu a m'mudzi aja".

Amene anasintha zinthu si ine, si amfumu, si komiti. Ndi agogo ena amasiye amene nyumba yawo ili kuseri kwa sukulu. Sanapiteko kusukulu agogowa, koma pakamwa pawo mpeni. Tsiku lina ulendo wachitatu, alendo ali pafupi kulowa mu minibasi kukadya, agogo anatulukira atakwapatira tambala wamkulu wofiira, miyendo atamanga ndi luzi. Anagwada patsogolo pa anamwino aja, amene anali wamkulu pagululo, n'kupereka ndi manja awiri. Anamwino anadzidzimuka. Anayang'ana chitenje cha agogo chong'ambika, anayang'ana mapazi awo, ndiye mwachifundo chawo anatsegula kachikwama n'kutulutsa ndalama kuti alipire nkhukuyo.

Abale, ndinaona nkhope ya agogo ikusintha. Anadzuka, n'kundiyang'ana ine.

"Abusa, afunseni. Ndawauza kuti pano ndi pamsika wa Migowi?"

Ndinati, "Agogo, sakudziwa, akufuna kukuthandizani."

Iwo anati, "Musandiyankhe inu, afunseni eni ake. Ndipo muwauze zonse, musadye mawu anga. Chaka chachitatu chino akubwera, sanalowepo m'nyumba ya munthu, sanamwepo madzi athu, sanadyepo nsima yathu. Munthu wobwera kwanu, n'kukupatsa chake, n'kukana chako, ameneyo si mlendo. Ali ngati a zaumoyo oyendera zimbudzi. Amabwera, amaona, amalemba, amapita."

Ndinamasulira mawu onse mmene analili, la zimbudzi lomwe. Panali zii. Anamwino anayamba kugwetsa misozi. Amene anayankha anali akalipentala aja, bambo wamtali wosalankhulalankhula. Anati asananyamuke kwao anawalangiza kuti asamadye za anthu, poopa matenda a m'mimba, komanso poopa kulanda chakudya pakamwa pa ana. Anati tsiku lililonse akamadya mu minibasi ana akuwayang'ana, buledi uja sankatsika pakhosi. Iwo ankaganiza kuti akutilemekeza. Agogo atamva anangoti, "Ndiye mawa abwere kwanga. Tambalayu ndikaphika ndekha." Mawa lake anthu asanu ndi atatu a ku Scotland anakhala pamphasa pakhonde pa mayi wamasiye, anasamba m'manja m'beseni, n'kudya nsima ya mgaiwa ndi nkhuku ndi nkhwani wotendera. Palibe anadwala.

Usiku umenewo ndinatsegula Baibulo ndipo Mzimu anandiyendetsa m'malo amene ndinkawadziwa kale koma ndinali ndisanawaone chonchi. Pitani ku 1 Mafumu 17. Dziko lili pa chilala, Mulungu akufuna kudalitsa mayi wamasiye wa ku Zarefati. Sanatumize Eliya ndi thumba la ufa pamutu. Anamutumiza chimanjamanja, wanjala, kuti akapemphe kwa mayi amene watsala ndi kaufa kodzaza dzanja. Mayiyo anayamba wakhala wopatsa, chozizwa chinabwera pambuyo. Pitani ku Yohane 4. Mwini madzi a moyo wakhala pachitsime, ndipo mawu ake oyamba kwa mayi wa ku Samariya ndi opempha madzi akumwa. Pitani ku Luka 10. Yesu akutuma ophunzira, akuwaletsa kunyamula thumba la ndalama ndi kamba wa paulendo, akuwauza kuti azidya zimene eni nyumba awapatsa. Chifukwa chiyani? Mukundimva abale? Munthu amene umangomupatsa osalandira chake umamuika pansi pako, ngakhale ukumukonda. Tsiku limene walandira chake ndi limene mwakhala pamphasa imodzi. Ngakhale Paulo polembera Aroma, m'mutu woyamba momwemo, atanena kuti akufuna kudzawagawira mphatso yauzimu, nthawi yomweyo anawonjezera kuti iyenso akufuna kudzalimbikitsidwa ndi chikhulupiriro chawo. Mtumwi wathunthu! Wina alembe Amen pamenepo.

Alendo asanapite chaka chimenecho tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo ndi ife, n'kumanga mfundo. Mlendo azigona m'nyumba ya munthu, awiriawiri, ndipo azidya zimene banjalo likudya. Madzi tiziwiritsa, neti ya udzudzu ikhalepo, basi. Banja lisunge alendo kamodzi, chaka chinacho apite kwina. Munthu asapemphe mlendo kanthu payekha, kaya foni, kaya fizi, kaya nsapato. Chosowa cha mudzi chipite kukomiti, chilembedwe, chiwerengedwe pagulu. Ntchito imene mmisiri wa m'mudzi angathe aigwire iyeyo ndipo alipidwe, chifukwa anyamata athu openta ankangokhala pansi kuonerera aphunzitsi a ku Ulaya akudontheza penti. Ndipo chithunzi asajambule munthu asanavomere. Amfumu anawonjezera yawo: "Ubale wa mwendo umodzi kulibe. Ifenso tidzapite tikaone kumene mumagona."

Zimene zinatsatira zinali zoseketsa ndithu. Mtsikana wina wa ku yunivesite anayesa kusenza ndowa kuchokera pamjigo, pofika pakhomo anali atasamba kale. Anamwino anaphunzira kusinja, musi ukugwera pambali pa mtondo, amayi akugubuduka ndi phwete. Anawapatsa kalongonda, ndipo atamva kuti nyembazi zimawiritsidwa nthawi yaitali n'kumataya madzi ake chifukwa zosapsa bwino zimazunguza mutu, anayang'ana mbale, anayang'ana mayi wophikayo, n'kudya. Kumeneko ndiye kukhulupirira munthu. Akalipentala anagwirizana ndi mmisiri wathu wa matabwa. Wina sadziwa Chichewa, wina sadziwa Chingerezi, koma amakhala tsiku lonse pansi pa kachisakasa akupala matabwa, osafuna womasulira. Mkuluyu anandiuza kuti kwao makina analanda zonse, ndipo kupala ndi manja chonchi anakusiya ali mnyamata kwa bambo ake. Madesiki a Sitandade 8 anakhoma awiriwa. Amayi a m'mudzi anamupatsa mfunda wa amfumu, ndipo mpaka lero amfumu amamutchula kuti achimwene.

Sikuti timagwirizana pa zonse. Anapempha kukaonera tchopa, gule wa makolo athu Achilomwe, amene anamva kuti a UNESCO anamuika m'kaundula wawo mu 2014. Ine za nsembe za mizimu mukudziwa pamene ndimaima. Ndinawauza maganizo anga, amfumu anawatenga, ine ndinatsala, madzulo tinadyera limodzi. Iwonso mapemphero athu a usiku wonse amawadabwitsa. Ena mwa iwo sapemphera n'komwe ndipo sabisa. Mnyamata wina anandifunsa maso ndi maso chifukwa chimene Mulungu wanga amalolera ana kufa ndi malungo. Tinakambirana mpaka tambala woyamba. Sanatembenuke mtima usiku umenewo, ndipo sindikunamizani kuti anatembenuka. Ndimamupempherera potchula dzina lake, iye akudziwa, ndipo Khirisimasi iliyonse amandilembera.

Zovuta zinaliponso, ndisakubisireni. Mnyamata wathu wina anatenga nambala ya mtsikana wa m'gululo n'kuyamba kumulembera usiku uliwonse, lero ndimakukonda, mawa amayi adwala tumiza ndalama. Mtsikanayo sanabwerenso, ndipo makolo ena kumeneko analetsa ana awo. Munthu mmodzi anatitsekera khomo la mabanja angapo. Mbali yawonso, wina anajambula mwana wa m'mudzi ali ndi malaya ong'ambika, mamina ali chuchuchu, n'kuika pa Facebook popempha ndalama. Mayi wa mwanayo anachiona pafoni ya mlamu wake. Anabwera kukomiti akunjenjemera. Anati, "Mwana wanga ali ndi malaya a kutchalitchi. Bwanji sanandiuze ndimusambitse?" Chithunzicho chinachotsedwa ndipo mwini wake anapepesa pamaso pa mayiyo chaka chotsatira. Palinso funso limene Shehe wa mukomiti anafunsa, ndipo ndi funso loona: ndalama ya matikiti a anthu asanu ndi atatu ikhoza kumanga kalasi, bwanji osangotumiza ndalamayo iwo n'kukhala kwao? Tinakangana tsiku lonse. Masamu ake a Shehe anali olondola, ndipo zaka zina timachitadi choncho, sabwera koma amatumiza. Koma dikirani mumve zimene ndalama yotumiza sikanachita.

Nthawi yathu yopita inakwana covid isanabwere. Mudzi unasankha anthu anayi: aphunzitsi aakulu, ine, mmisiri wa matabwa uja, ndi amayi amene amatsogolera amayi anzawo pachitukuko. Apa ndi pamene ndinaona kuti msewu wa ubalewu ndi wotsetsereka mbali imodzi. Iwo kubwera kuno n'kosavuta. Ife mafomu a visa, zidindo za zala, makalata a kubanki, umboni wakuti udzabwerera. Mmisiri wa kumudzi amene ndalama yake imagona m'thumba la buluku akapeza kuti kalata ya kubanki? Anamukaniza. Mwamuna wamkulu analira ngati mwana, ndipo mnzake uja atamva analemba makalata kulikonse kumene akanatha, osaphula kanthu. Tinapita atatu.

Unali mwezi wa June. Dzuwa la kumeneko nthawi imeneyo limalowa 10 koloko usiku, moti amayi aja anakana kukagona, amvekere, "Ndigone bwanji nkhuku zisanalowe?" Anatitengera ku Blantyre wawo, kufupi ndi Glasgow, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Abale, ife timaganiza kuti anachokera m'nyumba yachifumu. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, m'nyumba za antchito a pafakitale ya thonje, ndipo iye anayamba ntchito m'fakitalemo ali ndi zaka 10. Mwana wa amphawi. Ndi yemweyo amene mu 1859 anafika pa nyanja ya Chilwa, imene ife a ku Phalombe timadyako matemba. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mathero ake. Anafera kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu 1873. Panalibe mzungu mnzake pamenepo. Anali ndi anthu akuda, otsogolera awo Susi ndi Chuma. Chuma ameneyu anali Myao amene anawomboledwa kwa ogula akapolo ali mnyamata mu 1861, konkuno kumapiri a Shire. Akanatha kumukwirira pomwepo n'kubalalika, palibe akanawafunsa. Koma anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, thupi analiumitsa ndi mchere ndi dzuwa, n'kulinyamula pamapewa makilomita oposa 1,500, miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, mpaka ku Bagamoyo kunyanja yamchere, kuti akaikidwe kwao. Manda ake ali ku Westminster Abbey ku London chifukwa cha mapewa a anthu akuda. Amayi aja nditawamasulira anangoti, "Kani maliro a anthu amenewa tinayamba kale kunyamula." Sitinadziwe kuti akulosera.

Dzikolo ndi lokongola, misewu yosalala, madzi otentha m'mpopi, mankhwala m'chipatala. Koma ndinaona matchalitchi akuluakulu amiyala atasanduka malo omwera mowa ndi nyumba zogonamo. Dziko limene linatitumizira amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876! Kalembera wawo wa 2022 anapeza kuti anthu oposa theka akuti alibe chipembedzo. Lamlungu tinapemphera ndi anthu osakwana makumi atatu, pafupifupi onse aimvi. Ndipo ndinaona kusungulumwa kumene sindinakuonepo. Ine ndi amayi aja tinafikira kwa akalipentala. Mkazi wawo anali chigonere ndi matenda a mgonagona. Masiku onse amene tinakhala, kupatula namwino wa boma wobwera m'mawa, palibe anagogoda pachitseko. Anansi ndi abwino, koma kumeneko munthu sangolowa kwa mnzake asanaimbe foni. Ana awo ali kutali kuntchito. Amayi athu aja sanafunse chilolezo kwa munthu. Anamanga chitenje, analowa kuchipinda, anawatikita mapazi odwalawo, anawapesa, anawamwetsa phala, akuwayimbira nyimbo zathu za chitsitsimutso motsitsa mawu. Tsiku lopita kukaona mzinda wa Edinburgh iwo anakana. Anati, "Pitani inu abusa. Ine sindingasiye matenda m'nyumba n'kumakaona nyumba zamiyala."

Mayi aja anamwalira m'chaka cha covid. Malamulo a kumeneko nthawi imeneyo ankalola anthu owerengeka okha pamaliro. Uthenga unandipeza pa WhatsApp m'mawa, ndinapita nawo kwa amfumu monga mwa mwambo. Amfumu anakhala chete, kenako anati, "Mkazi wa achimwene anga wamwalira. Maliro ali pano." Anatuma anyamata kukalengeza. Madzulo anthu anasonkhana kwa amfumu, ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo, amayi mkati ndi pakhonde, abambo panja pamoto. Amayi a Mvano, amayi a Katolika, kwaya yathu, kusinthana nyimbo usiku wonse. Asilamu anabwera kudzakhala nafe. Panalibe bokosi, panalibe thupi, mayi amene ambiri sanamuonepo. Cha pakati pa usiku mwana wanga anakwera pachulu paja ndi foni, tinaimba ya vidiyo. Bamboyo anali yekha m'khitchini, nyali imodzi. Tinazungulitsa foni kuti aone moto, aone anthu, amve nyimbo. Sanalankhule. Anangogwira pakamwa. Foni inaduka kanayi, kanayi konse anaimbanso yekha.

M'mawa mbale ya chipepeso inayenda. Wina K100, wina K200, wina K50, wina anagulitsa nandolo. Mlembi wa komiti analemba dzina lililonse m'kope la sukulu, monga timachitira pamaliro alionse. Ndalama yonse pamodzi sikanagula ngakhale thumba limodzi la feteleza. Ena anati tiwonjezere ku thumba la sukulu m'dzina la malemu, poti kwacha ku Scotland ikagula chiyani? Agogo a tambala aja anakana. "Chipepeso ndi cha namfedwa. Mangani pakansalu, adzachipeza." Chinakhala m'sutikesi ya amfumu zaka ziwiri.

Maulendo atatsegulidwa anabwera, ataonda, akuyenda ndi ndodo. Amfumu anapereka kansalu kaja ndi kope lija pamaso pa mudzi. Mtima wanga unali m'mwamba, ndimvekere mwina anena kuti ndalamayi ithandize ana asukulu, ndipo akatero agogo aja atiphera pompano. Koma munthuyu anali ataphunzira. Anasiya ndodo, anagwada movutikira, analandira ndi manja awiri, n'kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti, "Zikomo, abale anga. Ndalandira." Ndalamayo anakagula chitenje pa Migowi, akuti akayale pampando umene mkazi wawo ankakhalapo. Kope lija analisunga m'thumba la malaya.

Tsopano mverani. March 2023, namondwe wa Freddy. Inu a ku Chilobwe, a ku Mulanje, a ku Chiradzulu, a kuno ku Phalombe, sindikufunika kukufotokozerani. Mvula masiku osaleka, phiri kulira usiku ngati ndege, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba kutsika. Dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Ife tinathawira m'makalasi omwe aja. Magetsi kunalibe, netiweki kunalibe, milatho itapita. Patatha masiku foni yanga inapeza moto pa sola ya munthu wina, ndipo itangoyaka inalira. Anali akalipentala. Anali akuimba tsiku lililonse, kangapo patsiku.

Mabungwe amene anatipeza pambuyo pake, Mulungu awadalitse, ankafunsa funso la ntchito yawo: mabanja angati, nyumba zingati, ana angati osakwana zaka zisanu. Bamboyu sanafunse nambala. Ndinamva mapepala akutembenuzidwa. Anali atatsegula kope la chipepeso lija. Anayamba dzina loyamba pamwamba pa tsamba. "Ali moyo?" Ndinati ali moyo. Dzina lachiwiri. "Ali moyo?" Ali moyo, koma nyumba yapita. Lachitatu. Anatsika nawo mzere wonse, akutchula mayina Achilomwe ndi lilime lake lolemera, ine nditaima m'matope, anthu atandizungulira akumva mayina awo akutuluka m'foni kuchokera ku Scotland. Wina akamva lake amakuwa, "Ndilipo!" Atafika pa agogo aja, anayankha okha, "Muuzeni madzi andilephera." Anthu anaseka koyamba chichitikireni ngoziyo. Koma pa mayina atatu ndinalephera kuyankha. Iye anadikira, kenako anati, "Abusa, ndamva." Anandipempha ndimuuze pamene aliyense anapezeka, ndi amene watsala ndi ana. Sanalumphe dzina ngakhale limodzi mpaka tsamba lomaliza.

Thandizo linabwera, ufa, mapepala apulasitiki ofolera, kenako malata, ndipo linadzera kukomiti n'kuwerengedwa pagulu monga mwa mfundo zathu. Kamudzi kawo konse kanasonkha, ngakhale aja sapemphera. Lamlungu lotsatira m'katchalitchi kawo kaja anawerenga mayina atatu aja mokweza, anthu ataimirira. Ndipo ulendo wa chaka chino, zithunzi zimene mwaona zija, chinthu choyamba atatsika galimoto sanapite kusukulu. Anapempha amfumu kuti awaperekeze kumanda. A Shehe anayenda nawo, atagwira mkono wa akalipentala pokwera kamtunda kaja.

Ndiye inu amene mwandilembera, ngati sukulu ya kwanu kapena mudzi wanu ukufunadi ubale wotere, njira yake ilipo yoyera. Kuli bungwe la Malawi Scotland Partnership ku Lilongwe, ndi linzake la Scotland Malawi Partnership ku Edinburgh, ntchito yawo ndi yomweyi. Pitani ngati mudzi, ndi amfumu anu ndi aphunzitsi anu, osati ngati munthu mmodzi wonyamula bajeti. Ndipo musanapite khalani pansi mufunsane kuti alendowo akadzabwera adzagona kwa yani, adzadya kwa yani.

A mpingo wathu, zolengeza ndi izi. Komiti ikufuna mabanja anayi osunga alendo chaka chamawa, awiri achokere kwa ife. Nyumba ya udzu si vuto, chofunika ndi chimbudzi chabwino, bafa lotchinga ndi mtendere m'banjamo. Amene munasungapo kale mupatse mpata anzanu. Mayina apite kwa amayi abusa lisanafike Lamlungu la mgonero. Lachitatu pa mapemphero a kusala tikhala ndi mitu iwiri yapadera. Woyamba, akalipentala akukalowa m'chipatala mwezi wamawa kukachitidwa opaleshoni ya chiuno, ndipo m'nyumba muja ali okha. Wachiwiri, mmisiri wathu wa matabwa akukayesanso visa kachiwiri, papita zaka zambiri chimukanizireni. Nthawi ino tamutsegulira buku kubanki ndipo makalata onse alipo. Akufuna akakhale ndi mnzakeyo masabata atatu akadzatuluka m'chipatala, azikamuphikira ndi kumuyendetsa. Tiyamba 5 koloko m'mawa, bwerani ndi Baibulo lanu. Ambuye akudalitseni nonse.